Ojambula, gulani lenzi musanasinthe kamera

Masiku ano pa chinkhoswe, pa ukwati ngakhale pa mwambo wolandira madigiri ku Great Hall ku Zomba, pafupifupi aliyense amakhala ndi foni yojambula. Wojambula amene akufuna kulipidwa ayenera kupereka chithunzi choposa cha pafoni ya mlamu wa mkwati. Ambiri amaganiza kuti mankhwala ake ndi kamera yatsopano. Koma chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wochokera kunja anakwera mtengo, ndipo mpamba wochepa uyenera kupita kumene ubwerere msanga. Pa zithunzi za anthu, ndalama imabwerera pa lenzi ndi kuwala.

Makamera ambiri a Canon ndi Nikon amagulitsidwa ndi lenzi ya 18-55mm. Mukaikokera pa 55mm, kabowo kolowetsa kuwala sikatseguka kupitirira f/5.6. Lenzi ya 50mm f/1.8 imalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi maulendo 10 kuposa pamenepo. Nayo mutha kujambula m'tchalitchi kapena madzulo popanda fulashi, ndipo chigulu cha anthu kumbuyo chimazimiririka, kasitomala wanu n'kuoneka yekha. Lenziyi ili m'gulu la zotsika mtengo kwambiri za makampani awiriwa, ndipo ya Yongnuo ya ku China ndi yotchipa kuposanso apo.

A Nikon chenjerani: makamera ngati D3200 ndi D5300 alibe mota yoyendetsa lenzi. Mukagula 50mm f/1.8D yakale, muzipotokola ndi dzanja pa chithunzi chilichonse. Funsani yolembedwa AF-S 50mm f/1.8G, yomwe ili ndi mota yakeyake.

Ngati mukugula ya kaunjika, pitani ndi kamera yanu mukaiyesere pompo. Walitsani tochi ya foni m'kati mwa galasi. Mukaona timizere tonga ukonde wa kangaude, imeneyo ndi nkhungu, ndipo kuichotsa kumafuna mmisiri. Yanu muziisunga m'bokosi lotseka bwino pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyezi tija topezeka m'makatoni a nsapato, makamaka m'dzinja.

Pojambula, imani mamita awiri kuchokera pa munthu. Mukayandikira kwambiri mphuno imakula, makutu n'kuchepa, ndipo palibe amalipira chithunzi chotere mokondwa. Lozetsani kadontho ka fokasi pa diso lomwe lili pafupi nanu. Liwiro la shata lisatsike pansi pa 1/125 kuti chithunzi chisagwedezeke. Munthu mmodzi mujambuleni pa f/2 kapena f/2.8. Banja loima mizere iwiri lifunika f/5.6 kapena f/8, apo ayi a kumbuyo atuluka mbuu.

Dzuwa la paliwombo limaika mithunzi m'maso ndipo anthu amatsinzina. Muimikeni kasitomala m'mphepete mwa khonde, nkhope italoza kumene kukuchokera kuwala. Pansi pa mtengo samalani, masamba amasiya mawanga pankhope. Katoni yaikulu yomatidwa pepala loyera kapena foyilo, wina ataigwira cham'munsi mwa chifuwa, imabwezera kuwala kunkhope pa mtengo wa guluu basi.

Diresi loyera la mkwatibwi kapena khoma la laimu limanamiza kamera: imaona ngati kwawala kwambiri, n'kudetsa nkhope. Dinani batani la +/- mukweze kufika +1, kenako yang'anani khungu la munthuyo pa sikirini, chifukwa wogula amayamba kuona nkhope yake.

Musanatulutse ndalama, gawani mtengo wa lenzi ndi phindu limene mumapeza pa chithunzi chimodzi mutachotsa zotsukitsira ndi thiransipoti. Yankho lake ndi chiwerengero cha zithunzi zofunika kugulitsa kuti lenziyo idzigule yokha. Chitaninso chimodzimodzi ndi mtengo wa kamera yatsopano, muyerekeze manambala awiriwo musanapite kwa wogulitsa.