Mwamuna Wadothi Wopanda Manja

Mu 1931 Audrey Richards, mayi wa ku England wofufuza za miyambo, anaonerera chinamwali cha atsikana awiri a Chibemba kufupi ndi Chinsali. Pakati pa zoumba zimene alangizi ankaphunzitsira anamwaliwo, zotchedwa mbusa, panali kamunthu kadothi koseketsa: chimutu chachikulu, umuna woonekera patali, koma manja ng'o. Ameneyo ndi mwamuna wosagwira khasu, wongokhala pakhomo dzuwa mpaka kulowa, ntchito kutola mkazi zifukwa. Richards anamulemba m'buku lake lotchedwa Chisungu, lotuluka mu 1956.

Bamboyu ine ndimamudziwa, ngakhale kuno ku Rufunsa ndi dziko la Asoli, kutali ndi Chinsali. Imani m'mbali mwa msewu wa Great East, mumuona ali pa nsolo pamthunzi, pamene mkazi wake, mwana kumbuyo, akukangana mtengo wa thumba la makala ndi dalaivala wa lole yopita ku Lusaka. Madzulo ndiye woyamba kudandaula kuti ndiwo zachepa mchere.

Chimene chimandigometsa n'chakuti amayi aja sanatukwane munthu. Anangomuumba, n'kumumana manja. Namwali waphunzitsidwa kugwada popereka madzi kwa mwamuna, inde, koma mphunzitsi yemweyo wamuonetsanso kuti amuna ena ndi oyenera kusekedwa, ndipo aseka limodzi chitseko chili chotseka. Mbusa iliyonse inkakhala ndi nyimbo yake, zina n'kupakidwa zoyera, zakuda ndi zofiira, kuti phunzirolo likhazikike m'mutu. Amene amati chinamwali chimangophunzitsa kugonja aiwala kamunthu aka.

Achewa chipongwe chotere anachiika m'Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005. Pitani ku Kulamba, ku Mkaika m'boma la Katete, kumapeto kwa Ogasiti, kapena ku Mua ku Malawi, kumene bambo Claude Boucher anayambitsa malo a Kungoni mu 1976 n'kusonkhanitsa zigoba za gule mazanamazana. Pakati pa zilombozo pali Simoni, wankhope yofiira psu ngati mzungu wopsa ndi dzuwa. Pali Maliya, dzina lobwereka ku tchalitchi m'masiku amene amishoni ankalimbana ndi gule. Bwanamkubwa ndi wansembe ankalamula masana onse, koma pabwalo ankavinidwa, amayi akuwomba m'manja, ana akugubuduka ndi phwete.