Mliri uli mkati, kamera isagone m'chikwama

Pafupifupi pa sitolo zilizonse za kumudzi pamakhala munthu mmodzi kapena awiri amene anthu amangowatchula kuti ajambuli. Si atolankhani, ndipo ambiri mwa iwo sanapiteko kusukulu ya ntchitoyi. Ena ndi aphunzitsi ngati ine, ena ndi alangizi a zaumoyo, ena ndi anyamata amene analemba Fomu 4 n'kusowa kolowera. Chuma chawo ndi kamera yogula kwa munthu, njinga yakapalasa, ndi mbiri yakuti akajambula ukwati zithunzi zimabweradi. Lero ndafuna kuti tikambe za anthu amenewa ndi zipangizo zawo, ngakhale ndikudziwa kuti wina afunsa kuti anthu anatha ndi Covid-19, inu mukukamba za kamera? Ndikukamba za kamera chifukwa cha anthu amene anathawo. Munthu akapita, chimene chimatsala m'manja mwa ana ake ndi chithunzi, ndipo mabanja ambiri kwathu kuno alibe ngakhale chimodzi.

Tiyambe ndi mmene ntchitoyi inagwera. Wojambula wakumudzi amadya pamene pasonkhana anthu: pa chinkhoswe, pa ukwati, pa ubatizo, pa ziliza, pa mpira wa sukulu, ndi pa tsiku limene a Fomu 4 akutsazikana ndi anzawo. Boma litalengeza pa 20 Malichi 2020 kuti dziko lili pa ngozi, sukulu zinatsekedwa pa 23 Malichi ndipo misonkhano ya anthu oposa 100 inaletsedwa. Apa n'kuti matendawa asanapezeke n'komwe m'dziko muno, chifukwa odwala atatu oyamba analengezedwa pa 2 Epulo. M'bindikiro wa masiku 21 khoti lalikulu linauimitsa, komabe maukwati ambiri anasunthidwa, ndipo ana anakhala pakhomo mpaka Seputembala ndi Okutobala. Ajambuli atangoyamba kupumako, chaka cha 2021 chinabwera ndi ukali wina. Pa 12 Januwale tinataya nduna ziwiri tsiku limodzi, a Lingson Belekanyama ndi a Sidik Mia, ndipo mwezi usanathe tinamva za imfa ya woimba Wambali Mkandawire. Sukulu zinatsekedwanso, misika inkatsekedwa 5 koloko madzulo, ndipo pa msonkhano sipankayenera kupitirira anthu 50. Ukwati wa anthu 50 ulibe perekaniperekani wa nzeru, ndipo mwini ukwati akayamba kudula zina pa bajeti, woyamba kudulidwa ndi wojambula.

Zonsezi zinakumana ndi miyezi imene kumudzi timaidziwa bwino. Chimanga cha m'nkhokwe chinali chitatha, cha kumunda chinali chisanakhwime. Amene anapeza feteleza wa K4,495 uja anachita mwayi, koma ngakhale iwo anali ndi ngongole za aganyu opalira. Potsegulira sukulu pankafunika fizi, yunifomu, sopo ndi masiki. Mwana akangotsokomola usiku, makolo sankagona, osadziwa ngati ndi malungo a nyengo imeneyo kapena ndi matenda aja. Munthu amene ali ndi nkhawa zotere akayang'ana kamera ili pa khoma osabweretsa kanthu, maganizo ogulitsa amabwera okha. Sindingamuweruze bambo amene wagulitsa kamera kuti ana adye. Ndingomukumbutsa kuti wogula wa mwezi wa njala amadziwa kuti wogulitsa wapanikizika, ndipo mtengo umene apereke sudzagulanso kamera ina. Ngati pali nkhuku kapena mbuzi yoti n'kupita kumsika, ipite imeneyo. Mlimi sagulitsa khasu mvula ili mkati.

Koma kamera yosungidwa nayo ili ndi adani ake, ndipo woyamba ndi chinyezi. Makamera ambiri amene ali m'manja mwa ajambuli athu ndi Canon ndi Nikon akale, monga Canon 1100D kapena Nikon D3100, obwera ndi lenzi ya 18-55mm. Ambiri anadzera ku Joni m'zikwama za abale, ndipo akawonongeka, wokonza ali kutali, ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Nyengo ya mvula, lenzi ikakhala miyezi iwiri m'chikwama chotseka, m'nyumba ya pansi ponyowa, mkati mwa galasi mumamera chuku. Chimayamba ngati ulusi wa kangaude m'mbali mwa galasi, kenako zithunzi zimayamba kutuluka ngati zajambulidwa m'nkhungu. Chikakhalitsa chimadya utoto wopyapyala wa pagalasi, ndipo pamenepo ngakhale katswiri sangabwezeretse. Mankhwala ake sakwera mtengo. Pezani chidebe cha pulasitiki chotseka bwino, muikemo kamera ndi lenzi pamodzi ndi timapaketi ta timibulu toyera tija timapezeka m'mabokosi a nsapato zatsopano ndi m'mabotolo ena a mankhwala. Timibulu timeneti timamwa chinyezi. Kamodzi pa sabata tulutsani kamera pamalo owala ndi opita mphepo, mujambule zithunzi zingapo, mupotokole lenzi uku ndi uku. Musaisiye itayang'ana dzuwa, chifukwa galasi limasonkhanitsa kutentha n'kuwotcha za mkati.

Mdani wachiwiri ndi batire. Batire la kamera likakhala nthawi yaitali lilibiretu moto limafooka, nthawi zina osadzukanso. Lichotseni m'kamera, mulisunge lili ndi moto wa theka, ndipo pakatha mwezi umodzi kapena iwiri mukalitchajeko. Ife amene timatchajitsa pa sola ya pa sitolo tizionetsetsa kuti tchaja yathu siikusiyidwa padzuwa kapena pamwamba pa mabatire otentha. Mabatire ang'onoang'ono a mu fulashi, aja ofanana ndi a wailesi, achotsedwe ndithu, chifukwa akakhalitsa amachucha madzi amene amadya tizitsulo ta mkati. Fulashi zambiri zafa imfa imeneyi mwini wake ali mtulo.

Tsopano tinene za kujambula kumene, popeza ntchito sinatheretu. Anthu akufunabe zithunzi za ziphaso, ana akubadwa, ndipo maukwati ang'onoang'ono akuchitika. Nthawi ya mliri a zaumoyo ankatiuza kuti tizitalikirana, ndipo apa kamera yeniyeni imaposa foni. Lenzi ya foni imatenga malo aakulu, motero kuti nkhope idzaze chithunzi uyenera kumuyandikira munthu mpaka kumva mpweya wake, ndipo mphuno imatuluka yaikulu kuposa mmene ilili. Lenzi ya 18-55mm mukaipotokola kufika pa 55, mumaima mamita awiri kapena atatu n'kutenga munthu kuyambira m'chiuno kupita kumutu, nkhope ili bwinobwino. Jambulani panja, pa mthunzi wa mtengo kapena pa khonde, m'mawa kapena chakumadzulo. Kuwala kwa nthawi imeneyo n'kofewa, sikufuna fulashi, ndipo kachilomboka sikafala msanga panja ngati m'kachipinda kotseka mazenera. Wojambulidwa akhoza kuvula masiki kwa kanthawi, koma wojambula asavule. Kagalasi kosuzumira kakachita nthunzi chifukwa cha masiki, finyani kawaya ka pamphuno kuti mpweya usamatulukire m'mwamba.

Ngozi yaikulu imabwera chithunzi chikangojambulidwa. Aliyense amathamangira kwa wojambula, "tione, tione", mitu isanu ndi umodzi pa kagalasi kamodzi, ndipo kamera imayenda m'manja mwa onse. Mwambo umenewu uyambe waima. Uzani anthu musanayambe kuti aona zithunzi zikatsukidwa kapena zikatumizidwa pa foni. Mukafika kunyumba sambani m'manja ndi sopo, ndipo pukutani chigoba cha kamera, mabatani ndi lamba ndi kansalu konyowetsedwa pang'ono ndi sanitaiza wamadzimadzi. Musathire sanitaiza pa kamera penipeni, ndipo asakhudze galasi la lenzi, makamaka wonanda uja, chifukwa amasiya mafuta. Madzi a kolorini ndi abwino pa zidebe ndi pansi, koma pa kamera amadyetsa dzimbiri. Galasi lili ndi kansalu kakekake kofewa, osati m'mphepete mwa malaya.

Pali zina zimene kamera siyenera kuloza. Nthawi ya mliri munthu akangogonekedwa m'chipatala, chithunzi chake ali pa mpweya chinkafika pa WhatsApp abale ake ena asanamve kuti akudwala. Ena anafika pojambula mitembo. Kumudzi kuno, mbiri ikangomveka kuti pakhomo pakuti pali korona, mayi wa pakhomopo ankasalidwa pa mjigo ndipo zitumbuwa zake sizinkagulidwa. Chithunzi chimodzi chikhoza kuchita zimenezi kwa banja lonse. Wojambula wa ulemu amapempha kaye, ndipo wodwala amene sangathe kuyankha sajambulidwa. Pa maliro, mawu ndi a mwini mbumba. Akakana, kamera ibwerere m'chikwama.

Nthawi ya mliri zoyenera kujambula zinali zambiri, ndipo sizinkafuna ulendo. Chidebe cha mpopi pakhomo la tchalitchi, telala akusoka masiki a chitenje, mabenchi otalikirana, kalasi yopanda ana udzu utamera pakhomo, agogo atavala masiki pachibwano. Nthawi imeneyo zinkaoneka zachabe chifukwa tinkaziona tsiku ndi tsiku. Chimfine cha 1918 chinapha anthu ambiri m'dziko muno, koma ndani wa ife anaonapo nkhope ya mmodzi wa iwo, kapena mmene mudzi wawo unkaonekera? Pamene nkhope ya John Chilembwe timaiona pa K500 ndi pa K2,000 chifukwa m'masiku ake munali anthu a kamera, mmodzi wa iwo Mungo Chisuse wa ku mishoni ya Blantyre, Mmalawi mnzathu amene anamujambula. Zipangizo za Chisuse zinali zolemera ndi zochedwa kuposa foni yotsika mtengo ya lero, koma ntchito yake yakhala zaka zoposa 100.

Ku sukulu kwathu tili ndi chithunzi cha kalasi ina chojambulidwa sukulu zisanatsekedwe mu 2020. Titatsegulira mu Okutobala, atsikana angapo a m'chithunzimo sanabwerere. Ena anakwatiwa, ena ali ndi pakati. M'kaundula maina awo angodulidwa ndi cholembera, koma pa chithunzi alipo, atavala yunifomu, akuseka. Amayi a gulu loona za atsikana atachiona anayamba kuloza mmodzimmodzi n'kumatchula mudzi wake ndi dzina la make, ndipo ulendo wokawafunafuna unayambira pomwepo.

Komatu chithunzi chimathandiza chikakhalapo. Vuto la masiku ano n'lakuti timajambula zambiri koma timasunga zochepa. Memori khadi ya 16GB imasunga zithunzi zoposa 2,000, ndipo wojambula amangodzazamo chaka chonse osakopera pena. Tsiku limene yafa, maukwati khumi amafera limodzi. Makhadi ena otsika mtengo a pamsika ndi achinyengo: kunja alemba 64GB koma mkati ndi ochepa, ndipo akadzaza amayamba kuwononga zithunzi mwini wake osadziwa. Ndi bwino kukhala ndi makhadi awiri ang'onoang'ono ogula m'sitolo yodalirika kusiyana ndi limodzi lalikulu la pa mphasa. Koperani zithunzi pa kompyuta kapena pa fulashi disiki musanafufute kanthu. Potumiza pa WhatsApp dziwani kuti imachepetsa chithunzi kuti isadye bandulo, ndipo chotero mukadzachitsukitsa chachikulu chimatuluka chosaoneka bwino. Chithunzi chofunika chitumizeni ngati dokyumenti, chimafika mmene chilili.

Pamwamba pa zonsezi, tsukitsani. Foni imabedwa, imagwera m'madzi, imagulitsidwa mwezi wa njala zithunzi zili momwemo. Pepala likasungidwa mu envulopu pamalo ouma limapirira. Kumayambiriro kwa 2021 maliro anachuluka, ndipo ambiri ankaikidwa mofulumira, abale akutali osafika. Kangapo konse ndaona achibale akusakasaka chithunzi choti aike pa bokosi, n'kuthera pa chiphaso cha unzika, kankhope kakang'ono kosamwetulira kamene malemuwo sakanakasankha. Adzukulu obadwa mawa adzafunsa kuti agogo ankaoneka bwanji, ndipo adzapatsidwa chimenecho. Madzi akatayika saoleka.

Pempho langa likupita mbali ziwiri. Kwa ajambuli anzanga, musadikire ukwati. Yendani m'mudzi mwanu, mujambule achikulire pa makonde awo pa mtengo umene banja lingakwanitse, ngakhale kulipira kwake kukhale nthochi kapena nkhuku pokolola. Kamera imene ikugwira ntchito simera chuku, ndipo dzina lanu likhalabe m'kamwa mwa anthu. Kwa inu owerenga, ngati bambo, mayi kapena agogo anu ali moyo ndipo mulibe chithunzi chawo chapapepala, musadikire Khirisimasi. Auzeni avale chitenje kapena jekete imene amaikonda, muitane wojambula wa pa sitolo panu kapena mubwereke foni yabwino. Chithunzi chikabwera, lembani kuseri kwake dzina lonse, mfunda, mudzi ndi chaka, kenako muchiike pamodzi ndi makalata a munda ndi satifiketi za ana.