Thabwa la pa chiwaya: lokoma pa chithunzi, nanga m'mimba?

Loweruka lapitali ndinaima pa chiwaya china kuno kwa Kaduya. Wogulitsayo anaduladula nyama yambuzi yaiwisi pa thabwa, n'kulipukuta ndi kansanza, kenako pomwepo n'kundiikira kanyenya wanga wakupsa, mchere ndi tsabola pambali. Ndinadya, sindinama. Koma usiku wonse ndinachezera njira ya kuchimbudzi.

Masiku ano ngakhale malesitilanti a m'tauni akuperekera nyama ndi tchipisi pa thabwa, ife n'kumajambula kuika pa Facebook. Ndiye vuto lili pati?

Thabwa si mbale yadothi kapena yachitsulo. Mpeni ukamadula umasiya timing'alu, ndipo magazi ndi mafuta a nyama zimalowa m'menemo. Kansanza kamangopukuta pamwamba basi. Tizilombo ngati Salmonella ndi E. coli, topezeka mu nyama yaiwisi, timatsalira. Moto umatipha, inde, koma nyama yakupsa ikabwerera pa thabwa lomwe lija, tizilombo tija timakweranso. Kuotcha konse kuja kwapita pachabe.

Ena amati za azungu izi. Ayi ndithu, nakonso zinawavuta. Mu 2018 khoti la ku Birmingham ku England linalipiritsa lesitilanti ina mapaundi 50,000 chifukwa chopitiriza kuperekera chakudya pa matabwa osatsukika bwino. Kwathu kuno sitinaiwale kolera amene anayamba mu Marichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700. Madzi akuda otsukira ziwiya ndi imodzi mwa njira zimene amadzera.

Sindikuti mtengo ndi woipa. Amayi athu amaphikira mthiko ndi kuomolera chipande tsiku lililonse, koma amatsuka ndi sopo n'kuyanika pa thandala mpaka ziume gwa. Tizilombo timakonda chinyezi, ndipo thabwa la pa chiwaya limakhala lonyowa kuyambira m'mawa mpaka usiku.

Tsono musanalipire, yang'anani. Kodi pali matabwa awiri, la yaiwisi ndi la yakupsa? Thabwalo ndi long'aluka kapena lakuda bii? Madzi otsukira ndi oyera, sopo alipo? Ngati mwakayikira, nenani mwaulemu: "Achimwene, mundiikire m'mbale, kuchokera pamoto pomwepo."

Ine ndinabwererako Lachiwiri n'kumuuza mkulu uja zomwe zinandichitikira. Anayamba wakana, koma dzulo ndaona wagula thabwa lachiwiri.