Zoseweretsa Zotunga Chingwe ndi Kukula kwa Mwana ku Chitimba

Chitimba, malo a m'mphepete mwa nyanja m'boma la Rumphi pamene msewu wokwera ku Livingstonia umapatukira kuchoka mu M1, ndi kwawo kwa asodzi komanso amisiri osema ziboliboli zogulitsa kwa alendo, ndipo tizidutswa ta mitengo timene timatsala pa ntchito yosemayo tikhoza kusanduka zoseweretsa zofunika kwambiri kwa ana a zaka ziwiri mpaka zisanu. Zoseweretsazi, zimene zimatchedwa zotunga, ndi timatabwa kapena mikanda ikuluikulu ya mtengo yoboola pakati, imene mwana amalowetsamo chingwe cholimba kunsonga, n'kuchikokera mbali inayo.

Ntchitoyi imaoneka yaing'ono, koma imafuna zinthu zingapo nthawi imodzi. Mwana amayamba kutola kanthu ndi chala chachikulu pamodzi ndi chamkombaphala ali ndi miyezi pakati pa 9 ndi 12, ndipo kutunga kumalimbitsa kagwiridwe kameneka, kamene adzadalire pogwira pensulo akadzayamba Sitandade 1 ali ndi zaka 6. Dzanja limodzi limagwira mkanda pamene linalo likulondolera chingwe, maso akutsata bowo, motero manja awiri amaphunzira kugwira ntchito zosiyana mogwirizana, luso lomwelo limene limafunika pomanga mabatani ndi zingwe za nsapato. Ana ambiri amatha kutunga mikanda ikuluikulu akakwanitsa zaka ziwiri, pamene kusanja mikanda motsatira mtundu kapena kukula, komwe ndi chiyambi cha masamu, kumabwera pambuyo pake.

Maria Montessori, amene anatsegula sukulu yake yoyamba ya ana aang'ono ku Rome mu 1907, anapanga mafelemu a matabwa ophunzitsira kumanga mabatani ndi zingwe, koma anthu a ku Chitimba safunika kuitanitsa nzeruyi kunja, chifukwa mwana wa msodzi amakula akuona akuluakulu akusoka maukonde, ndipo ukalipentala unkaphunzitsidwa kale pamwamba pa phiri ku Livingstonia, kumene mmishonale Robert Laws anasamutsira mishoni yake mu 1894. Chomvetsa chisoni n'chakuti sukulu zambiri za mkombaphala za m'midzi, zimene zimayendetsedwa ndi alezi ongodzipereka, zimasowa zipangizo, ngakhale kuti dziko la Malawi lili ndi ndondomeko ya mmera mpoyamba kuyambira 2003, pamene zotsalira za amisiri zimangothera pamoto.

Wopanga choseweretsa chotere ayenera kusamala koposa wosema chiboliboli, popeza mwana wosakwana zaka zitatu amaika chilichonse mkamwa. Mkanda uyenera kupitirira masentimita atatu m'lifupi kuti usamutsamwitse, upalidwe mpaka kusalala kuti usakhale ndi zobaya, ndipo ndi bwino kuusiya wosapaka kusiyana ndi kuupaka penti yosadziwika, chifukwa penti ina imakhala ndi mtovu, umene umawononga ubongo wa mwana mosabwezeka. Chingwe chikhale chachifupi kuti chisazungulire khosi, ndipo nthanga za nsatsi, ngakhale zimakongola, zisagwiritsidwe ntchito chifukwa zili ndi poizoni. Kumene mmisiri kulibe, mfundo za nsungwi zodula bwino kapena zitsononkho zoboola pakati zimagwira ntchito yomweyo, malinga mlezi akhale pafupi, akutchula mayina a mitundu ndi kuwerenga mikanda mokweza mu Chitumbuka, chimene anawo amayankhula kunyumba.