Kusintha chibadwa cha munthu: anthu wamba afunsidwe liti?

Luso losintha majini, tizinthu ta m'maselo timene mwana amatengera kwa makolo, linapita patsogolo mu 2012 pamene Jennifer Doudna ndi Emmanuelle Charpentier anasonyeza kuti njira ya CRISPR ikhoza kudula DNA pamalo osankhidwa. Mu 2023 dziko la Britain linavomereza Casgevy, chithandizo cha matenda a sickle cell chotsatira njirayi. Chithandizo chotere chimathera mwa wodwalayo. Mkangano umabuka akasintha mluza, chifukwa kusinthako kumapitirira kwa ana ndi zidzukulu amene sanafunsidwe.

Mu Novembala 2018, wasayansi wa ku China, He Jiankui, analengeza pa YouTube kuti kwabadwa mapasa amene iye anawasintha jini ya CCR5 pofuna kuwateteza ku HIV. Anthu anamva madzi atatayika kale. Asayansi anzake anamudzudzula, ndipo mu 2019 khoti la ku Shenzhen linagamula kuti akakhale kundende zaka zitatu.

Ku Britain anayamba ndi kufunsa. Mu 2012 bungwe la HFEA, loyang'anira chithandizo cha ubereki, linafunsa anthu ngati n'koyenera kugwiritsa ntchito mbali ya dzira la mayi wina kuti mwana asatengere matenda a mitochondria (tizigawo ta m'maselo) kwa mayi ake. Ena anayankha mafunso pa intaneti, ena anakambirana pamisonkhano atafotokozeredwa nkhaniyo. Nyumba ya malamulo inavomereza njirayi mu 2015, patapita zaka zitatu.

Intaneti imafikira anthu ambiri pamtengo wochepa, komabe imasiya kunja osowa foni ya makono kapena ndalama ya bandulo. Mabodza amafala msanga kumeneko, ndipo magulu okhala ndi mbali kale ndiwo amayankha kwambiri. N'chifukwa chake mafunso a pa intaneti sakwanira paokha.

Kufunsa anthu n'kofunikanso posintha majini a zamoyo zina. Ku Burkina Faso, bungwe la Target Malaria linakambirana ndi anthu a m'mudzi wa Bana lisanatulutse udzudzu wosinthidwa majini mu 2019. Ena anatsutsa kuti chilolezo cha mudzi umodzi sichikwanira, poti udzudzu sudziwa malire, ndipo mu 2025 boma linaimitsa ntchitoyi.

Malangizo amene bungwe la WHO linatulutsa mu 2021 amalimbikitsa kuti anthu azitenga mbali pa nkhani zosintha majini a munthu. Kufunsako kumapindula kukachitika chigamulo chisanapangidwe, m'chilankhulo chimene ofunsidwa amamva, ndiponso iwo akauzidwa mmene maganizo awo agwirira ntchito.