Madandaulo a ogwiritsa ntchito atsopano m'magulu a Linux

Madandaulo a ogwiritsa ntchito atsopano ndi nkhani imene gulu lililonse losamalira Linux limakumana nayo tsiku ndi tsiku. Linux ndi pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta, imene pa Chingerezi amati operating system, ndipo imagwira ntchito yofanana ndi Windows ya kampani ya Microsoft kapena macOS ya kampani ya Apple. Kusiyana kwake ndi kwakuti Linux ndi ya open source, kutanthauza kuti malangizo onse amene anailembera ali poyera, moti aliyense ali ndi ufulu wowawerenga, kuwasintha ndi kugawirako ena. Ngakhale kuti makampani akuluakulu monga Red Hat, Intel ndi Google amalipira akatswiri olemba Linux, ambiri mwa anthu amene amayankha mafunso a ophunzira ndi ongodzipereka. Watsopano akabwera ndi maganizo a kasitomala wa m'sitolo amakhumudwa msanga, ndipo akale nawonso amatopa ndi kudandauliridwa pa ntchito imene salandirapo kanthu. Mmene gulu limachitira ndi kusamvana kumeneku ndi mmene limapezera kapena kutayira anthu.

Mbiri yachidule

Mu 1983 Richard Stallman wa ku America anayambitsa ntchito ya GNU, yofuna kupanga mapulogalamu amene anthu angagawane mwaufulu. Mu 1991 Linus Torvalds, yemwe panthawiyo anali wophunzira pa yunivesite ya Helsinki ku Finland, analemba phata la pulogalamu yoyendetsa kompyuta, lotchedwa kernel, lomwe ndi limene likudziwika kuti Linux. Magulu osiyanasiyana anayamba kuphatikiza phatalo ndi mapulogalamu a GNU ndi ena n'kutulutsa mitundu yawoyawo ya Linux. Debian inayambitsidwa ndi Ian Murdock mu 1993, Ubuntu inatuluka koyamba mu Okutobala 2004, ndipo Linux Mint inabwera mu 2006. Mafoni a Android nawonso amayendera phata la Linux lomweli.

M'zaka zoyambirira, ogwiritsa ntchito Linux ambiri anali akatswiri okhaokha, ndipo wofunsa funso losavuta kawirikawiri ankangouzidwa kuti akawerenge yekha buku la malangizo. Zinthu zinasintha pamene Mark Shuttleworth wa ku South Africa ndi kampani yake ya Canonical anayambitsa Ubuntu ndi cholinga chofikira anthu wamba. Dzina lakuti Ubuntu ndi mawu a m'Chizulu ndi Chixhosa ofanana ndi akuti umunthu m'Chichewa. Mpaka mu 2011 kampaniyi inkatumiza ma CD aulere kudzera pa positi kwa aliyense wopempha, pofuna kuthandiza anthu okhala kumene intaneti ndi yodula. Anthu atsopano atachuluka, madandaulo nawonso anachuluka.

Zimene atsopano amayembekezera

Chinthu choyamba chimene watsopano amayembekezera ndi chakuti Linux ikhala ngati Windows yaulere. Amafuna kupeza mabatani pamalo pomwe anawazolowera ndiponso kuika mapulogalamu omwe ankagwiritsa ntchito kale. Koma Microsoft Word, Excel ndi Adobe Photoshop alibe mtundu wopangidwira Linux. M'malo mwake muli LibreOffice yolembera makalata ndi kuwerengera, komanso GIMP yokonzera zithunzi. LibreOffice imatsegula mafayilo a Word, koma nthawi zina mizere ndi matebulo zimasuntha.

Chachiwiri, amayembekezera kuti alipo wina amene ali ndi udindo womukonzera vuto. Chiphaso cha GPL, chimene phata la Linux limayendera, chimanena momveka kuti pulogalamuyi imaperekedwa popanda chitsimikizo chilichonse. Amene akufuna womuyankha pa nthawi yoikika amalipira makampani monga Canonical, Red Hat kapena SUSE. Ena onse amadalira chifundo cha anzawo.

Chachitatu, amayembekezera yankho lamsangamsanga. Odzipereka amayankha akaweruka kuntchito kwawo, ndipo ali m'mayiko momwe nthawi ndi yosiyana. Funso likhoza kuyankhidwa pa mphindi zochepa, likhozanso kukhala masiku osayankhidwa. Gulu lotere limafanana kwambiri ndi dima, pamene anthu a m'mudzi amasonkhana kulima munda wa mnzawo. Wothandizidwa salamula olima ngati aganyu, ndipo naye amayembekezeka kudzagwira khasu tsiku la wina.

Madandaulo a kumadera akumidzi

Madandaulo amasiyana malinga ndi kumene munthu akukhala. Madera ozungulira nyanja ya Chiuta, m'boma la Machinga kumalire ndi Mozambique, akhoza kukhala chitsanzo. Kumeneku, monganso m'midzi yambiri ya ku Balaka, nyumba zambiri zilibe magetsi a ESCOM, intaneti imadalira mabandulo a Airtel kapena TNM, ndipo makompyuta ambiri amafika atagwirapo kale ntchito kwina. Kuyambira pa 14 Okutobala 2025, pamene Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 mwa nthawi zonse, makompyuta akale ambiri amene sakwanira kulandira Windows 11 akhala akulangizidwa kuti aikidwe Linux.

Mwachitsanzo, mphunzitsi wa sukulu ya sekondale kufupi ndi Nayuchi atha kulandira laputopu yakale kuchokera kwa m'bale wake wa ku Johannesburg, ili ndi Ubuntu m'kati. Akafuna kusindikiza mayeso, pulinta ya pasukulu ikukana. Akatumiza fayilo kwa wosindikiza wa pa Ntaja kapena pa Liwonde, masamba akutuluka osokonekera. Akafunsa, wina wa ku Ulaya akumuuza kuti atsitse mtundu watsopano wa Ubuntu, osadziwa kuti fayiloyo imaposa magigabaiti 5 ndipo ikhoza kumaliza bandulo ya mwezi wonse. Malangizowo ali m'Chingerezi cha akatswiri, pamene wofunsayo tsiku ndi tsiku amalankhula Chiyao, Chichewa kapena Chilomwe.

Pa chitsanzo ichi palibe wolakwa kwenikweni. Vuto la pulinta nthawi zambiri limachokera kwa kampani yopanga pulintayo, imene sinatulutse pulogalamu yaing'ono yoilumikizira ku Linux, yotchedwa driver. Vuto la masamba limatha posunga fayilo ngati PDF isanatumizidwe. Vuto la bandulo limachepa ngati munthu mmodzi watsitsa fayilo n'kugawira anzake pa fulashi, zomwe chiphaso cha Linux chimalola. Kompyuta yofooka imayenda bwino ndi mitundu yopepuka monga Lubuntu kapena Xubuntu. Woyankha wabwino amayamba wafunsa za makina, magetsi ndi intaneti ya wofunsayo asanapereke malangizo.

Kusandutsa dandaulo kukhala lipoti

Njira yaikulu imene magulu a Linux amagwiritsa ntchito ndi kuthandiza wodandaula kuti asandutse dandaulo lake kukhala lipoti la vuto. Mawu akuti "Linux ndi yachabechabe" sathandiza aliyense, chifukwa wokonza sangakonze chimene sakuchiona. Lipoti lothandiza limanena mtundu wa Linux ndi nambala yake, mtundu wa kompyuta, zimene munthuyo anachita mwatsatanetsatane, zimene ankayembekezera, ndi zimene zinachitika. Uthenga umene watuluka pa sikirini umalembedwa monga momwe ulili, kapena kujambulidwa ndi foni.

Nambala ya Ubuntu imasonyeza chaka ndi mwezi. Ubuntu 24.04 inatuluka mu Epulo 2024. Mtundu watsopano umatuluka miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, koma pa zaka ziwiri zilizonse, m'mwezi wa Epulo, pamatuluka mtundu wa LTS umene umasamalidwa kwaulere kwa zaka zisanu. Atsopano amalangizidwa kutenga wa LTS. Madandaulo ambiri amachokera kwa anthu amene akugwiritsa ntchito mtundu umene nthawi yake yosamalidwa inatha.

Malipoti a Ubuntu amasungidwa pa Launchpad, ndipo pali lamulo lakuti ubuntu-bug limene limasonkhanitsa lokha zambiri za kompyutayo. Lipoti likafika, odzipereka amaliunika kuti aone ngati vutolo linanenedwapo kale, ngati ena angalionenso pa makina awo, komanso ngati ndi lalikulu motani. Mavuto okhudza chitetezo kapena kutayika kwa mafayilo amaikidwa patsogolo. Nkhani yotchuka ya Eric Raymond ndi Rick Moen, yotchedwa How To Ask Questions The Smart Way, imaphunzitsa kafunsidwe kotere, ngakhale ena amaidzudzula kuti imasenzetsa wofunsa katundu yense.

Malamulo a khalidwe

Mbali ina ya nkhaniyi ndi khalidwe la akale. Watsopano akanyozedwa pa funso lake loyamba, kawirikawiri sabweranso, ndipo ena amene aona kunyozedwako amaopa kufunsa. Pofuna kupewa zimenezi, Ubuntu inakhazikitsa malamulo a khalidwe kuyambira pachiyambi pake. Malamulowa amapempha mamembala kukhala aulemu, oganizira anzawo, ndi kufunsa thandizo pamene sakudziwa. Palinso bungwe lotchedwa Community Council limene limaweruza mikangano. Debian inavomereza malamulo ake mu 2014. Mu Seputembala 2018 Linus Torvalds anapepesa poyera chifukwa cha mayankhulidwe ake aukali kwa olemba anzake, anapuma kaye pa ntchito kwa milungu ingapo, ndipo gulu la phata la Linux linatenga malamulo atsopano ochokera ku Contributor Covenant.

Malamulowa amateteza mbali zonse ziwiri. Wakale saloledwa kunyoza, koma watsopano nayenso saloledwa kutukwana kapena kuumiriza odzipereka. Kutopa kwa osamalira mapulogalamu ndi vuto lodziwika bwino m'magulu a open source, ndipo wosamalira akasiya, pulogalamu imene anthu ambiri amaidalira imatsala yopanda mwini.

Pamene madandaulo anasintha zinthu

Mwambi umati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Watsopano amaona zopinga zimene akale anazizolowera mpaka kusiya kuziona. Mu 2009 Canonical inayambitsa ntchito yotchedwa One Hundred Paper Cuts, yofuna kupeza ndi kukonza timavuto 100 ting'onoting'ono timene munthu amakumana nato pa masiku ake oyamba, monga mawu osamveka pa mabatani.

Madandaulo ena anatenga zaka. Mu 2011 Ubuntu inasintha maonekedwe ake n'kuika atsopano otchedwa Unity. Anthu ambiri sanawakonde, ndipo ena anasamukira ku Linux Mint, imene inasunga maonekedwe ofanana ndi amene anthu anawazolowera pa Windows. Mu 2017 Canonical inasiya Unity n'kubwerera ku GNOME. Izi zikusonyeza kuti mu open source wosakhutira ali ndi njira zitatu: kupereka lipoti, kukonza yekha, kapena kusamukira ku mtundu wina. Si pempho lililonse limene limavomerezedwa, koma gulu labwino limafotokoza chifukwa chimene lakanira.

Chitsanzo cha ku Malawi

Ku Malawi, phunziro lalikulu pa nkhaniyi linachokera ku zipatala. Bungwe la Baobab Health, limene anayambitsa Gerry Douglas, linaika makompyuta olembera odwala pa chipatala chachikulu cha Kamuzu ku Lilongwe mu 2001. Mu 2006 pulogalamu yake yosungira mbiri ya anthu olandira ma ARV inayesedwa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kenako inafalikira ku zipatala zina. Pulogalamuyi inali ya open source, inkayendera makina a Linux, ndipo inkalembedwa ndi kusamalidwa ndi akatswiri a ku Malawi konkuno.

Anamwino ndi makalaliki ambiri panthawiyo anali asanagwirepo kompyuta. M'malo mowauza kuti aphunzire kaye kutayipa, opanga anachotsa kiyibodi ndi mouse n'kuika sikirini yongodina ndi chala, yofunsa funso limodzi pa nthawi imodzi. Nambala ya wodwala inkasindikizidwa pa kapepala komata pa buku lake la kuchipatala. Makinawo ankagwiritsa ntchito mphamvu yochepa ndipo ankadalira mabatire magetsi akazima. Zovuta za ogwiritsa ntchito zinatengedwa ngati vuto la kapangidwe, osati umbuli wa anthu. Unduna wa Zaumoyo umagwiritsanso ntchito DHIS2, pulogalamu ya open source imene imatsogoleredwa ndi yunivesite ya Oslo ku Norway, posonkhanitsa malipoti a zipatala m'maboma onse, kuphatikizapo Machinga ndi Balaka.

Thandizo la pafupi

Zimene zinachitika m'zipatalazi zikugwirizana ndi zimene magulu a Linux anapeza kwina konse, kuti watsopano amakhazikika akakhala ndi womuthandiza wa pafupi, wolankhula chinenero chake ndiponso wodziwa mavuto a dera lake. N'chifukwa chake Ubuntu ili ndi timagulu ta m'mayiko, ndipo Launchpad ili ndi gawo lomasulira mapulogalamu m'zinenero zosiyanasiyana. Ntchito yomasulira, kulemba malangizo osavuta, kuyesa mapulogalamu ndi kuyankha mafunso sifuna kuti munthu adziwe kulemba mapulogalamu. Kumadera ngati a ku Chiuta, kumene wokonza makompyuta ali kutali, mphunzitsi kapena kalaliki mmodzi amene wathandizidwa bwino ndi amene amadzaphunzitsa anzake, ndipo dandaulo limene iye anabwera nalo limakhala yankho lokonzeka kwa wotsatira.