Injini yaikulu pa kagalimoto kopepuka: phunziro kwa ife

Ife a m'mafamu kuno ku Joni timationa Loweruka ndi Lamlungu tikudutsa ngati mphepo, timagalimoto ta mipando iwiri topanda denga. Kholo lake ndi Lotus Seven ya ku Britain ya 1957. Kuno kampani ya Birkin idayamba kupanga tofanana nato m'zaka za m'ma 1980.

Eni ake ambiri amagula zipangizo n'kumanga okha. Kagalimotoko kamalemera makilogalamu 500 kapena 600 basi, ndiye akaikamo injini ya Ford Duratec kapena ya njinga yamoto ya Suzuki Hayabusa, liwiro lake si lamasewera. Koma odziwa sathera pa injini. Amasinthanso mabuleki, matayala ndi radiyeta, chifukwa mphamvu ikachuluka, injini imatentha kwambiri ndipo kuima kumavuta.

Nkhaniyi ikutikhudza, poti ambirife timagula mabaki akale osinthidwa injini. Abale, musanalipire, yerekezani nambala ya pa injini ndi ya pa mapepala, mufunsenso chikalata cha apolisi chovomereza injini yatsopanoyo. Manambala akasiyana, galimoto ikhoza kugwidwa, thukuta la nyengo yonse yokolola n'kupita pachabe. Mabuleki nawo ayeseni bwinobwino, paja kumbuyoko kumakwera ana athu.